Chikho chabwera kumpoto, nanga mbewu tasunga?

Tsiku lomwe Mzuzu City Hammers inaswa Mighty Wanderers 1-0 pa Bingu National Stadium n'kunyamula chikho cha Castel, mu Disembala 2024, ine ndinali pakhonde la golosale ina pano pa Euthini. Tinalipo anthu mwina makumi atatu, titazinga wailesi imodzi ngati nkhuku pa madeya. Ena anachita kuchokera kumunda, makasu ali paphewa, matope ali m'miyendo, poti inali nthawi yopalira ndi kuthira feteleza. Woyimbira atangoliza wezulo yomaliza, mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsa sitandade 7 anandikumbatira mpaka chipewa changa kugwa pansi. "Asambizgi, mwapulika? Mwapulika?" Ndinamva, mwana wanga, ndinamva bwino lomwe. Anyamata a kabaza anazungulira msika wonse akuliza mahutala ngati kuli ukwati wa mwana wa mfumu.

Pa benchi la pakona panali bambo wina wachikulire, wokonda Manoma, omwe ndi Wanderers, kuyambira nthawi ya Kamuzu. Iye sanasunthe, ankangopota fodya wake. Phokoso litazizira anakweza mutu nati, "Vinani lero, ana inu. Pofika Febuluwale, anyamata amene mukuwaimbirawa mudzawamva pa wailesi yomweyi atavala jezi za ku Blantyre ndi ku Lilongwe." Tinamuseka, tinati ndi mkwiyo wa wogonja. Koma popita kunyumba madzulo amenewo mawu ake sanandichoke m'mutu, ndipo pamene ndikulemba izi, nyengo ya 2025 ya TNM Super League itayandikira, ndaona kuti ndiwayankhe poyera.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, komanso mlimi. Zaka zambiri ndinkaphunzitsa ana mpira pa bwalo la sukulu, lomwe zigoli zake zinali milimo ya bulugama yomwe chiswe chinkadya chaka ndi chaka. Za mpira wa ndalama ndimazimvera pa wailesi monga wina aliyense, koma za mbewu ndimazidziwa ndithu. Mlimi amene wakolola bwino amagulitsa chimanga, ndipo palibe amamudzudzula, poti ndicho analimira. Amene timamulira ndi uja amakolopola nkhokwe yonse, n'kugulitsa ndi mbewu yomwe, pa mtengo wa vendala wa sikelo yobera, kenako mvula yoyamba ikagwa n'kuyamba kuyendayenda m'makomo kupempha chodzala. Mpira wa kumpoto kuno wakhala mlimi wachiwiriyu kwa zaka zambiri. Funso langa kwa Hammers chaka chino si lakuti yagula ndani. Ndikufunsa kuti yasunga ndani, ndipo amene achokawo asiya chiyani m'nkhokwe.

Mwina wina afunsa kuti munthu wa ku Euthini Hammers ikumukhudza bwanji. Timuyi inabadwira ku Ekwendeni, m'dera la Inkosi Mtwalo, m'boma lathu lomwe lino la Mzimba. Inkatchedwa Ekwendeni Hammers pomwe inakwera kuchokera mu ligi ya kumpoto ya Simso kulowa mu Super League nyengo ya 2020/21. Chaka choyamba chomwecho inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank, pomwe Silver Strikers inaigonjetsa 2-0. Mu 2024 inasintha dzina n'kukhala Mzuzu City Hammers. Ena a ife zinatiwawa, ngati mwana amene wapita kutauni n'kusiya dzina la kumudzi, komabe mwana ndi mwana. Chaka chomwecho inamaliza ligi m'gulu la matimu apamwamba, n'kutseka ndi chikho chija. Kuchokera m'boma lino, palibe timu ina ya anthu wamba imene yafika pamenepo m'zaka zino.

Tsono taonani njira imene anzake anadutsa. Rumphi United inalowa mu Super League mu 2022, chaka chomwecho n'kutuluka. Baka City ya ku Karonga inalowa mu 2024, chaka chomwecho n'kutuluka. Mzuzu Warriors, yomwe kale inali Mzuni, inatsika mu 2021. Chitipa United inadabwitsa dziko mu 2023 posautsa matimu akuluakulu, koma chaka chotsatira inali kale pansi ikulimbana ndi kutuluka. Kummwera kwa boma lathu, Embangweni United inalawako Super League kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, koma inabwerera msanga. Nkhani zimenezi si zofanana zonse, iliyonse ili ndi zifukwa zake, koma mukaziika pamodzi muona msampha umodzi. Timu ya kuno ikachita zoipa imatsika. Ikachita bwino imaonetsa katundu wake pamsika, ogula n'kubwera ndi magalimoto, chaka chotsatira mphunzitsi n'kuyambanso kuumba timu kuchokera pa dothi. Kwa timu yosauka, chikho chimasanduka chikwangwani cholozera ogula pakhomo.

Sindikudzudzula mnyamata amene wachoka. Ndani angakane Bullets, Silver kapena Wanderers? Kumeneko kuli malipiro a pamwezi, kuli madokotala, kuli maso a mphunzitsi wa Flames, ndipo kumeneko n'komwe kumadutsa msewu wopita kunja. Khuda Muyaba anachoka ku Moyale Barracks kupita ku Silver, anamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya 2019, kenako anakwera ndege ya ku Polokwane City. Gabadinho Mhango, mwana wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, anadzera ku Bullets asanapite ku Bloemfontein Celtic mu 2013. Popanda ulendo umenewo sitikanaona chigoli chija anamwetsa Morocco ali kutalitali mu Januwale 2022 ku Cameroon. Zaka zosewera mpira ndi zochepa, ndipo bondo silichenjeza. Munthu azipita kumene kuli mchere.

Chimene chimandipweteka ndi machokedwe ake. Pali kugulitsa wosewera ndipo pali kutaya wosewera. Malamulo a FIFA amalola wosewera amene kontirakiti yake yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kukambirana ndi timu ina, ndipo ikatha amachoka ulele, timu yake osalandirapo ngakhale tambala. Lamuloli linakhwima kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Jean-Marc Bosman ku Ulaya mu 1995. Timu yosauka imaopa kusainitsa kontirakiti ya zaka zitatu poti sikudziwa ngati idzakhale ndi malipiro a mwezi wamawa, motero imasainitsa ya chaka chimodzi. Mnyamata akawala, ogula sachita kuvutika ndi kukambirana mtengo, amangodikira Disembala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Wosewera wa kontirakiti ya chaka chimodzi ndi fodya wa pachala.

Taonani mmene Bullets imachitira. Inatenga ligi kasanu kotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023, pansi pa Kalisto Pasuwa, inasesa zikho zonse zinayi za m'dziko muno. Anthu amati ndi ndalama, ndipo n'zoona ndalama zilipo. Koma timuyi ilinso ndi nazale yake, Bullets Reserve, komwe anyamata amakulira atamangidwa ndi mapepala. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma anakulira m'menemo, ndipo pomwe ankapita ku Lubumbashi mu 2024, TP Mazembe itawasirira, Bullets inali pa mpando wa wogulitsa. Uku ndiko kugulitsa chimanga mbewu ili padenga. Nazale sifuna mamiliyoni ambiri kuti iyambe. Imafuna bwalo, mipira, mphunzitsi wopirira, ndi mlembi wosatopa ndi kulemba.

Pa nkhani ya mlembiyi ndili ndi mlandu wanga, ndipo ndiuulula. Ndinali ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wamanzere. Mpira anauyamba wachikulunga, wa mapepala apulasitiki omanga ndi luzi, ndipo ndinamulera pa timu ya sukulu kuyambira ali ndi zaka 12. Akathamanga kumbali fumbi linkachita kutsala m'mbuyo. Tsiku lina pa bonanza kunabwera bambo wina wochokera ku timu ina ya kutauni, atavala jekete la masewero ndi magalasi akuda. Masewero atatha anandikokera pambali nati mwanayu akuwonongeka kumudzi kuno. Anandisiyira mipira iwiri ndi jezi zakale zokwana timu yonse. Ine ndinasangalala, ndinaona ngati ndachita malonda a nzeru. Sitinalembe kalikonse, ngakhale pa chikutiro cha kope.

Mnyamatayo anakakhala m'nyumba imodzi ndi anzake ambiri, akugona pa matiresi apansi, akudya akapambana, akagonja n'kumwera madzi. Chaka chachiwiri bondo linagwedezeka. Panalibe kontirakiti, motero panalibe womulipirira kuchipatala. Anabwera pa matola akutsimphina, chikwama chake chili chomwe chija anapita nacho. Atakhala miyezi ingapo anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya nati, "Asibweni, ine mpira basi. Ndapangana ndi a transipota, ndikupita ku Joni." Ndinasowa chomuyankha, poti amene anamugulitsa pa mipira iwiri ndinali ine. Lero amasamalira maluwa pa nyumba ya munthu wina ku Johannesburg, ndipo Lamlungu amasewera ndi Amalawi anzake pa bwalo lina la kumeneko. Amati mwendo wamanzere uja ukadalipo.

Amene amalemba za msika wa osewera m'nyuzipepala amaona Blantyre ndi Lilongwe basi. Kuno ku Mzimba msika waukulu ndi wa ku Joni, ndipo sutsekedwa chaka chonse. Pitani ku Euthini, ku Mbalachanda, ku Edingeni, ku Embangweni kapena pa Jenda, mufunse mphunzitsi aliyense wa timu ya m'mudzi kuti goloboyi wake wa chaka chatha ali kuti. Adzakulozerani kummwera, kenako adzakuonetsani nyumba ya malata imene goloboyiyo akumangitsa. Mnyamata wa zaka 19 amaika pa sikelo zinthu ziwiri: mbali ino mpira wopanda malipiro, mbali inayo mnzake wa m'kalasi amene watumiza njinga yamoto ndi sola. Sikeloyo sichedwa kupendekeka. Timu ya Super League imene ikufuna ana a boma lino isaganize kuti ikupikisana ndi Moyale kapena Karonga United. Ikupikisana ndi a transipota.

Kulemba kumene ndikunenaku kuli ndi ndalama m'kati mwake, ndipo ambiri a ife sitidziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengo wake izigawidwa kwa matimu onse amene anamulera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Zaka zinayi zoyambirira, chaka chilichonse chimabweretsa kota ya peresenti imodzi, ndipo zaka zotsatirazo theka la peresenti. Tiyerekeze mnyamata wagulitsidwa pa madola 100,000. Timu imene inamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 17 iyenera kulandira madola 2,000, ndipo akadzagulitsidwanso kudziko lina idzalandiranso. Kwa timu ya ku Euthini ndalama imeneyo ndi mipira, jezi ndi nsapato za zaka zingapo. Kuyambira mu 2022 FIFA ili ndi ofesi yakeyake yoyendetsa malipiro amenewa. Koma ofesiyo imawerenga mbiri ya wosewera imene ili mu kaundula wa bungwe la mpira la dziko lake. Timu yosalembetsa, mwana wosalembedwa, kwa iwo kulibe. Ine mphwanga uja akanafika ngakhale ku Ulaya, sukulu yathu ikanangomumvera pa wailesi.

Mpira wathu wa kumudzi wakhazikika pa bonanza ndi zikho za aphungu. Sindikuzinyoza, poti popanda izo mabwalo athu akanamera tsekera. Chaka cha chisankho chikafika, monga cha 2025, mumaona zikho zikuphuka ngati bowa wa mu Januwale. Vuto lake n'lakuti bonanza imafuna kupambana lero. Timu imabwereka osewera aganyu kuchokera kutali, mwana wa pamudzi wa zaka 15 n'kukhala panja akusunga zovala za alendo. Mnyamata mmodzi amasewera matimu atatu mwezi umodzi, pena ndi maina osiyana. Chisankho chikadutsa chikho chimazimirira, osasiya kaundula, osasiya mphunzitsi wophunzitsidwa, osasiya ngakhale zigoli zachitsulo. Phungu amene akufunadi kuthandiza alipirire matimu a m'dera lake ndalama zolembetsera mu ligi ya boma, atumize aphunzitsi awiri kapena atatu ku maphunziro a bungwe la mpira la FAM. Zimenezo sizimveka pa chimkuzamawu, koma zimakhalitsa.

Ndipo pomwe tikulemba anyamata tisaiwale atsikana. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi, boma loyandikana nalo. Mu 2024 Tabitha anasaina ku Lyon ya ku France, pomwe Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America atavala jezi ya Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pa sukulu zimene ndinaphunzitsa, mtsikana akakhudza mpira wamiyendo tinkamubweza kuti apite ku netibo. Ndikaganiza za ana amene ndinawabweza ndi pakamwa pangapa, tulo timandithawa.

Tibwerere ku Hammers ndi nyengo imene ikubwerayi. Mu ligi ya matimu 16, timu iliyonse imasewera masewero 30, ndipo 15 mwa amenewa ndi akoyenda. Mu nyengo ya 2025 kumpoto kuli matimu asanu: Hammers, Moyale Barracks, Karonga United, Chitipa United ndi Songwe Border United imene yangokwera kumene. Kutanthauza kuti Hammers ili ndi masewero 11 kuchigawo chapakati ndi kummwera, osawerengera a zikho. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, ku Blantyre oposa 600. Ikani pamenepo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mizere ya mafuta imene tinaiona kumapeto kwa 2024. Timu ya ku Lilongwe ili ndi masewero ambiri akoyenda amene osewera amagona kunyumba kwawo. Ya ku Mzuzu imafika miyendo itatupa ndi mpando wa basi. Choncho wosewera woyamba amene Hammers iyenera kumusainitsa chaka chino ndi basi yodalirika ndi ndalama yogonera tsiku limodzi masewero asanachitike.

Chachiwiri ndi msana wa timu. Pa bwalo la sukulu ndinaphunzira kuti ukhoza kusintha anyamata a m'mbali chaka chilichonse timu osagwedezeka, koma ukachotsa goloboyi, otchinga awiri a pakati ndi uja amagawa mipira pakati pa bwalo, wagwetsa mzati wa nyumba. Chikho cha Castel chinabwera ndi chigoli chimodzi, kutanthauza kuti kumbuyo kunali kotseka. Ngati ndalama zili zochepa, zipite kwa anthu anayi kapena asanu amenewa, apatsidwe makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu. Womwetsa zigoli akafunidwa ndi timu yaikulu apite, koma pa mtengo, ndipo m'pangano mulembedwe kuti akadzagulitsidwanso kunja Hammers idzalandirepo gawo. Pamwamba pake timu yogulayo ibwereketse anyamata ake awiri amene akungotenthetsa benchi. Zimenezi si nzeru zachilendo, ndi zomwe amachita munthu wogulitsa ng'ombe pamsika: amagulitsa nkhunzi, thadzi n'kutsala m'khola.

Chachitatu, atsogoleri apewe chiyeso cha maina. Timu ikatenga chikho, masapota amafuna kumva kuti kwabwera wakutiwakuti amene ankawala ku Blantyre zaka zisanu zapitazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wosewera wotopa amabwera ndi malipiro aakulu ndi bondo lakale, ndipo malipiro ake okha akhoza kusunga anyamata atatu ochokera mu Simso amene ali ndi njala ya mpira. Moyale ili ndi chingwe chake chomangira osewera, chomwe ndi ntchito ya usilikali, n'chifukwa chake Mikango ya ku Kaning'ina yakhalitsa mu ligi. Hammers ilibe chingwe chotero. Chingwe chake chikhale malipiro ofika pa tsiku lake, ngakhale achepe, ndi mbiri yoti mwana wa ku Mzimba akafika kumeneko amasewera ndithu. Kodi ndi liti pomwe munthu wa Hammers anabwera kudzakhala pansi pa mtengo pa bwalo la Euthini, kope lili m'manja? Msewu ndi woipa, inde, koma a transipota amaudutsa sabata iliyonse.

Pali nkhaninso ya bwalo. Mzuzu Stadium yakalamba, ndipo kangapo konse FAM yakhala ikuitseka, matimu a mumzindawo n'kumakasewerera ku Rumphi kapena ku Karonga. Timu yosewera pakhomo pa eni ake imataya ndalama za pachipata, imatayanso mantha amene alendo amakhala nawo akamva phokoso la eni mudzi. Pa Mzimba boma, ntchito yomanga bwalo lamasewero yakokeka zaka zambiri. Khonsolo ya M'mbelwa idziwe kuti bwalo limenelo si chokongoletsera tauni. Litatha bwino, Hammers ikhoza kubweretsako masewero angapo pa chaka, ndipo ana a ku Euthini, Kafukule ndi Embangweni akhoza kuona Super League ndi maso awo koyamba. Anthu amene amadzaza pa phiri la Hora mu Ogasiti pa mwambo wa Umthetho sangalephere kudzaza bwalo la mpira.

Nanga chiyembekezo n'chotani? Pamwamba sipasintha kwambiri. Mu nyengo ya 2025 Silver ikuteteza ligi imene inatenga mu 2024, koma mphunzitsi amene anaipatsa ligiyo, Peter Mponda, anabwerera ku Bullets kumayambiriro kwa 2025, pomwe Pasuwa anatenga Flames. Wanderers, imene pofika kumayambiriro kwa 2025 ligi inali itaitenga komaliza mu 2017, ili ndi ludzu, ndipo bala la Castel likadali laliwisi. Atatu amenewa adzalimbirana mpando. Blue Eagles inabwerera mu ligi mu 2025 itatenga kale chikho cha FDH Bank mu 2024 ili mu ligi yaing'ono, motero si mlendo woti n'kumupeputsa. Hammers isadzinamize kuti ikukalimbirana ligi. Chaka chino aliyense adzaikonzekera, palibenso amene adzaiyese kamwana. Ikasunga msana wake ndi kulipira anyamata pa nthawi, ikhoza kukhalanso m'matimu asanu ndi atatu apamwamba ndi kusautsa wina aliyense m'zikho. Ikalola kuti nkhokwe ikolopoledwe, n'kudalira kuti dzina la chikho lidzamwetsa zigoli, pofika Ogasiti tidzakhala tikuwerenga mapointi a matimu atatu a pansi. Chikho sichiteteza munthu kutsika.

Kwa a FAM ndili ndi pempho limodzi. Fleetwood Haiya anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungweli mu Disembala 2023, pa msonkhano umene unachitikira ku Mzuzu konkuno, atalonjeza kusintha mpira. Ligi yachiwiri ya dziko lonse imene bungweli linakonza zoyambitsa mu 2025 ndi ganizo labwino, poti phompho la pakati pa Simso ndi Super League ndilo lakhala likumeza matimu athu. Koma kusinthako kufike pansi. Kulembetsa mwana wa zaka 12 mu kaundula wa FAM kukhale kosavuta, kotheka pa foni, kwaulere kapena kotsika mtengo. Ndipo pakhale lamulo lomveka, lotsatidwa, loti timu ya Super League ikatenga mwana ku timu ya kumudzi ilipire kanthu kodziwika, osati mipira iwiri ndi jezi zakutha.

Ife a kuno tisadikire a FAM. Mwezi wathawu ndinagula kope lachikuto cholimba pa golosale ija. Ndalembamo ana 23 amene amasewera pa bwalo la pafupi ndi kwathu, atsikana asanu ndi mmodzi ali momwemo: dzina, tsiku lobadwa monga lilili pa kaundula wa sukulu, mudzi, ndi saini kapena chidindo cha chala cha kholo. Tagwirizana ndi makolo kuti fodya akagulitsidwa tidzasonkha ndalama yolembetsera timu ku komiti ya mpira ya boma, ndipo mlendo aliyense wa magalasi akuda adzayambe wakhala pansi ndi komiti, cholembera chili patebulo. Bambo wa Manoma uja ataona kopelo anaseka mpaka kutsokomola. "Asambizgi, kodi kope limamwetsa chigoli?" Ndinamuuza kuti ayi, adada, silimwetsa, monganso nkhokwe siibala chimanga.

Tsiku loyamba la ligi ndidzakhalanso pakhonde lomwe lija. Wolengeza akamadzatchula maina khumi ndi limodzi a Hammers, ine ndidzakhala ndikupinda zala, kuwerenga kuti mwa anyamata a mu Disembala aja atsala angati. Zala zikadzapindika zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, bamboyo adzandigulira Fanta. Zikadzachepera, ndidzagula ndine, kenako ndidzanyamula kope langa kupita ku bwalo, poti ana amayamba kusonkhana dzuwa likapendeka.